Mtengo wa Chipinda Ndinkauwerenga pa Nsapato za Mlendo

Amayi anzanga, ndaima. Amene mukundidziwa mukudziwa kuti sindikonda kuima pamaso pa gulu, chifukwa woima amaonedwa ndi onse pomwe iye sangaone amene ali kumbuyo kwake. Koma ndamva kuti pano pali amasiye anayi amene akufuna kuyamba kugoneka alendo m'zipinda za kuseri kwa nyumba zawo, ndiye ndati ndilankhule zisanawagwere. Ena muli pano munandiseka nthawi ija. Nkhope zanu ndikuzikumbuka, koma lero sindinabwerere zimenezo.

Ndine Naphiri wa ku Nabvutika. Amuna anga, aMwale, anaphunzitsa pa sukulu ya mishoni mpaka kupuma. Atamwalira anandisiyira nyumba ya njerwa ndi zipinda zitatu kuseri, zimene anamanga ndi ndalama ya penshoni poganiza kuti ana adzagonamo. Ana sanagonemo. Mwana wanga wamkazi anatsatira bambo ake patangopita chaka, mwamuna wake atatsogola kale, ndipo ndinatsala ndi mdzukulu wanga Dailesi, ali giredi faifi.

Bambo ake a Dailesi anali Mngoni wa ku Chipangali, ng'ombe za malowolo anapereka zonse. Mukudziwa tanthauzo lake, mwana ndi wa kuchimuna. Pamaliro a mwana wangayo, asewere anga aNajere, agogo ake a Dailesi a kuchimuna, anandikokera pambali nati, "Mwana akhale ndi inu m'tauni chifukwa cha sukulu. Koma dziwani kuti takubwerekani." Ndiye chimene ndinkavutikira chinali chimodzi, kuti mwana ameneyo asachoke pakhomo panga.

Chilala chachikulu chija chitadutsa, malonda anamasuka, aliyense nkusanduka wogula ndi kugulitsa. Azimayi ogulitsa zovala zakale za salaula, ogula nsawa ndi chimanga ku midzi, odutsa pa malire a Mwami kupita ku Malawi, onsewo ankafika pa siteshoni ya mabasi akufuna pogona tsiku limodzi, masiku awiri, ena sabata. Ndinasesa zipinda zija, nkuyala mphasa ndi matiresi, nkuyamba.

Mtengo ndinalibe. Munthu akafika pakhomo ndinkayang'ana kumapazi. Wa patapata ndinkamuuza mtengo wotsika. Wa nsapato zachikopa ndinkakweza. Akakhala ndi wotchi ndinkakwezanso kachiwiri. Ndinkati ndi nzeru, popeza aliyense amalira kuti alibe ndalama pomwe wazimanga m'chiuno. Ndinaiwala kuti alendo amakumana pa mpopi.

M'mawa wina azimayi awiri, ataunjikana pa mpopi paja, anabwera onse pakhonde panga. Wamtali anati, "Amama, chipinda changa chili ndi chiyani chimene cha mnzangayu chilibe?"

Ndinati, "Chili ndi iwe."

Mnzake anaseka, iye sanaseke. Onse awiri sanabwerenso, ndipo pakamwa pawo anapita napo ku siteshoni.

Kenaka bambo wina anachoka ndi bulangeti langa. Bulangeti limodzi, amayi, koma ine ndinalanga dziko lonse. Ndinagula maloko. Bulangeti linakhala ndi mtengo wake, ndowa mtengo wake, kandulo mtengo wake. Madzi otentha ndinkayeza ndi jagi. Mlendo akapita kuchimbudzi ndinkasuzumira pa zenera kuona ngati wabisa kanthu m'chitenje. Ku siteshoni anandipatsa dzina, agogo a maloko. Nyengo yokolola itafika, anzanga ogoneka alendo akubweza anthu chifukwa chodzaza, kwanga kunali mphemvu zokha. Kwacha nayo inkasungunuka m'manja. Dailesi anapita kusukulu sabata ziwiri nsapato itamangidwa ndi waya.

Apa ndi pamene analowera Yotamu, mwana wa mlongo wanga, bambo wandevu zake, woitanira mabasi pa siteshoni. Ine wosakhulupirira munthu, ndinakhulupirira ameneyo. Sindinamukhulupirire chifukwa cha chibale. Anandiuza zimene ndinkafuna kumva, basi.

"Azakhali, vuto lanu ndi lakuti mukugoneka amphawi," anatero. "Masiku ano ndalama ili ndi anthu a mawekishopu. Amabwera kuchokera ku Lusaka ndi alawansi m'thumba, safunsa mtengo. Ikani zinthu zapamwamba, mukweze katatu. Nyumba ya aphunzitsi ikhale yogona ogulitsa nsawa?"

Mawu omalizawo ndiwo anandigwira. Ndinagulitsa makina anga osokera, njinga ya aMwale ndi kabati yawo ya mabuku. Ndinagula kapeti yofiira, makatani a maluwa, kalilole wamkulu m'chipinda chilichonse, ndi wailesi ya kaseti. Mtengo ndinakweza katatu, nkukhala pakhonde kudikira.

Mwa anthu a mawekishopuwo anabwera mmodzi. Galimoto yake inakanika pa ngalande ya kutsogolo kwathu, anayenda pansi. Analowa, nayang'ana kapeti, nafunsa pa switchi ya magetsi, ine nkumuonetsa nyali. Anafunsa bafa, nkumuonetsa mpanda wa udzu. Anathokoza mwaulemu, napita kukagona m'tauni. Ndinali nditayala kapeti m'nyumba yopanda magetsi, chimbudzi chake chitseko cha thumba. Azimayi a malonda akamva mtengo ankangotembenuka.

Patapita mwezi Yotamu anabweranso. "Azakhali, musadandaule. Pali makasitomala ena amene safuna kugona. Maola awiri basi, masana, amalipira ngati usiku wathunthu. Chipinda chimodzi chikhoza kulowa katatu pa tsiku."

Ndisakunamizeni kuti sindinamve chimene ankanena. Ndinamva. Ndine mkazi wa mphunzitsi, ndakhala ndikuvala yunifomu ya azimayi a Lachinayi kuyambira ambiri a inu musanakwatiwe. Ndinati ndiyesa mwezi umodzi, ndigule nsapato za mwana, ndisiye. Ndinachita miyezi isanu ndi iwiri. Kalilole ndi wailesi zija zinapeza eni ake. Amuna ankabwera ndi njira ya kuseri, mkazi nkutsatira patapita mphindi zingapo atafunda chitenje kumutu. Ine ndinkalandira ndalama nditayang'ana kumbali. Ine amene ndinkaona mlendo akaba kachidutswa ka sopo, zimenezi sindinkaziona.

Tsopano ndifike pa tsikulo, ndipo ndiyenda pang'onopang'ono.

Linali Lachiwiri, mwezi wa Julayi, mphepo ikunyamula fumbi. Cha m'ma leveni ndinamva odi, nditatuluka ndinapeza ndi aNajere. Sanatumize mawu. Anabwera pa lole ya chimanga, atasenza dengu la nsawa, nkhuku m'khwapa. Ndinawayalira mphasa pakhonde la kutsogolo, kutali ndi zipinda. Ndinkalankhula mokweza, kufunsa za mvula, za ng'ombe, za anthu amene sindinkawadziwa nkomwe, kuti wailesi ya kuseri isamveke.

"Muli ndi alendo masana ano?" anafunsa.

Ndinati, "Atopa ndi ulendo, akupuma."

"Oho. Akupuma ndi nyimbo."

Dailesi anaweruka kusukulu. Anagwada, napatsa moni agogo ake, iwo nkumugwira m'mapewa kuona mmene wakulira. Nthawi yomweyo chitseko cha kuseri chinatseguka. Tsiku limenelo wina anali atayanika ufa panjira ya kuseri ija, ndiye bamboyo anatulukira kutsogolo. Anali munthu wamimba, akumanga wotchi pamkono. Anaponya kiyi pakhonde, nayang'ana Dailesi, nati, "Amama, mwana uyu wakula." Anatulutsa ndalama nkuiponya pamphasa. "Kagule fanta, iwe."

Zimenezo zikanatha kupita. Ndikanati ndi munthu wamwano, sindimudziwa. Koma mverani chimene chinatsatira. Dailesi anaika mabuku pansi. Anatola kiyi ija. Anapita kuseri, ndipo patapita kanthawi anatulukira atakumbatira nsalu zapabedi. Anaziika m'beseni, nathira madzi, nayamba kupaka sopo, adakali mu yunifomu ya sukulu.

ANajere anamuyang'ana nthawi yaitali. Kenaka anati, "Asewere, wamutuma ndani?"

Ndinati, "Palibe."

"Ndaona kuti palibe. Ndiye kuti ndi ntchito yake ya masiku onse."

Ndinayamba kunena za kukwera kwa ufa, za fizi, za nsapato. Iwo sanakweze mawu ngakhale pang'ono.

"Ife kumudzi ndife osauka, sitinaphunzire ngati inu a kumishoni. Tinasiya mwana kuno kuti adziwe mabuku. Nsalu zimenezo akazichapa chaka china, adzadziwa mtengo wake." Anatembenuka. "Dailesi, samba m'manja, ukatenge zovala zako."

Ndinaima pakhomo. Ndinati mwana ameneyu ndi wa mwana wanga, ndinamulera ndine, mayeso ali pafupi. ANajere anati, "Tipite kwa akuluakulu ngati mukufuna. Mukafotokoze nokha zimene ndaona, ine ndikakhala chete." Ndinachoka pakhomo paja.

Ndinawaperekeza mpaka pokwerera malole. Dailesi sanalire. Atakwera kale anasuzumira nati, "Agogo, nsalu zija ndaviika, musaiwale kuyanika."

Mwana akuchotsedwa pakhomo chifukwa cha nsalu zimenezo, nkhawa yake nkukhala yakuti ziwola m'beseni. Ndinabwerera kunyumba, ndinakhala pafupi ndi beseni lija mpaka dzuwa kupendeka. Sindinapemphere. Ndinali nditakwiya moti sindikanatha. Ndinakwiyira aNajere, Yotamu, bambo wamimba uja, kwacha, aMwale amene anafa nkundisiya. Ndinazungulira onsewo, ndipo amene anatsala pomaliza ndi amene ankalandira ndalama.

Lachinayi akulu ampingo awiri anabwera kudzandiuza kuti ndiyambe ndasiya kuvala yunifomu. Sindinatsutse, anali ndi zifukwa. Chimene chimandiwawa mpaka lero n'chakuti mmodzi wa awiriwo njira ya kuseri kwa nyumba yanga ankaidziwa kuposa ine. Dzina sinditchula. Iye akudziwa kuti ndikudziwa, zimukwanire.

Yotamu anafika Loweruka ndi kasitomala. Ndinamulandira ndi chikuni. Ali kuseri kwa ngalande anati, "Azakhali, ine ndinkangobweretsa anthu. Kiyi ankapereka ndani?" Ndinamuponyera chikunicho, koma funso lake linali loona.

Ndinapita ku Chipangali. Ndinapeza Dailesi akusenda nsawa pabwalo, sukulu atasiya chifukwa ili kutali, kuwoloka dambo. Ndinagwada pamaso pa aNajere, ine wamkulu kwa iwo ndi zaka. Ndinalonjeza zambiri. Anandimvetsera mpaka kumapeto nati, "Malonjezo musiye, asewere. Ndidzabwera ndidzaone. Tsiku sindinena."

Ndiye amasiye anayi inu, tcherani khutu, chifukwa apa ndi pamene pali ntchito.

Choyamba ndinatseka zipinda mwezi wathunthu. Ndinagulitsa kapeti, akalilole ndi wailesi, motsika mtengo, mtima ukupweteka. Kenaka ndinachita chimene ndimadziwa kuchita, kuyang'ana anthu. M'mawa uliwonse ndinkakhala pa siteshoni ngati wodikira basi. Ndinaona azimayi a malonda akudzuka pamwamba pa matumba awo, maso ofiira. Ndinafunsa mmodzi chifukwa chimene sakagona m'chipinda. Anati, "Ndikagone ine, mabelo anga agone ndi ndani?" Wina anati chimene amafuna ndi madzi otentha asanakwere basi yoyamba, ndi pophikira, chifukwa chakudya chogula chimadya phindu. Palibe ndi mmodzi yemwe anatchula makatani a maluwa.

Chipinda chachitatu ndinasandutsa chosungira katundu. Ndinatseka zenera ndi njerwa, ndinaika chitseko chachitsulo, ndinagawa m'kati ndi matabwa. Pa kachitseko kalikonse pali pokolowekera maloko awiri, langa ndi la mlendo. Ndimawauza poyera kuti, "Ine sindikukukhulupirira, iwenso usandikhulupirire. Popanda kiyi yako sinditsegula, popanda yanga sutulutsa kanthu." Amakondwa nazo. Munthu wa malonda amagona tulo akadziwa kuti ngakhale mwini nyumba sangafike pa katundu wake.

Chimbudzi ndinachipaka laimu nkuika chitseko chenicheni chotsekera m'kati. Bafa ndinathira simenti pansi. Ndinamanga kakhitchini ka malata, mbaula ziwiri, miphika iwiri. Makala amagula okha. Bulangeti, ndowa, madzi otentha m'mawa ndi kachidutswa ka sopo zonse zili m'kati mwa mtengo. Mukamalipiritsa chilichonse pachokha, mlendo amamva ngati mukumusenda khungu pang'onopang'ono, ngakhale ndalama yake ikhale yomweyo. Mabulangeti ndinasokapo dzina la aMwale ndi ulusi wofiira, zilembo zazikulu. Linabedwapo limodzi. Sindinalange ena chifukwa cha ameneyo.

Tsono mtengo. Ndi umodzi, wolembedwa ndi choko pa chitseko, aliyense auone asanandione ine. Popeza kwacha sikhazikika, ndinafuna choyezera. Ndinayamba ndi mtengo wa nsawa, koma unandipusitsa, chifukwa nsawa zimadula nthawi ya mvula pomwe alendo ndi ochepa. Ndinasinthira ku sopo wamtali wa m'masitolo a amwenye. Sopo sadziwa nyengo, amangotsata kwacha. Usiku umodzi ndi mtengo wa sopo awiri. Ndimafunsa Lolemba, nkulemba, ndipo sindisintha mpaka Lolemba linalo. Wina akati ndakweza, ndimati kafunse sopo. Wokhala sabata amalipira masiku asanu ndi limodzi. Nyengo yokolola, anzanga akamakweza chifukwa anthu achuluka, ine sindikweza, ndipo anthu omwewo ndi amene amandidzazira zipinda mu Januwale.

Lamulo lomaliza: chipinda changa ndi cha usiku wathunthu, ndipo wobwera manja lendelende wopanda katundu, ndilibe malo. Amuna aja anapitiriza kugogoda kuseri miyezi itatu. Njirayo ndinatseka ndi minga. Mmodzi anandionetsa ndalama yoposa ya sabata yonse, tsiku limene m'nyumba munalibe ndiwo. Musaganize kuti sindinaiyang'ane. Ndinaiyang'ana, kenaka ndinamuuza kuti akazi ake ndimawadziwa, amagulitsa tomato.

Dzina loipa limachedwa kufa. Mwezi woyamba ndinagoneka anthu atatu. Wachiwiri anabwera mayi wamtali uja wa pa mpopi, anawerenga pa chitseko nati, "Lero nsapato simuyang'ana?" Ndinati, "Ndayang'ana kale, ndi zakale zomwe zija." Anagona, ndipo sabata yotsatira anabwera ndi anzake awiri.

Mvula inabwera nipita. Chimanga chinauma. ANajere osaoneka. Lole iliyonse ikaima pamsewu ndinkatuluka.

Anafika patatha chaka ndi mwezi umodzi, ali okha, ndi matumba atatu a nsawa zogulitsa. Ndinathamanga kukayala m'nyumba yaikulu. Anati, "Iyayi, ine ndabwera ngati wamalonda. Ndipatseni chipinda." Anaima pa chitseko, wina nkuwawerengera mtengo. Anatulutsa loko lawo m'chitenje, kusonyeza kuti nkhani anali ataimva kale ku siteshoni.

Anakhala masiku atatu. Masana ankabwerako ku msika msanga, nkukhala pamthunzi moyang'ana kuseri. Anayendera mpanda wa minga uja. Anacheza ndi mayi wa chipinda chinacho nthawi yaitali, ine nditapita dala kotunga madzi. Za Dailesi sanatchule, inenso sindinayerekeze.

M'mawa wa tsiku lachinayi anamasula mfundo ya chitenje nati, "Asewere, ine ndi m'bale wanu. Nsawa sizinayende bwino. Mundichotsereko tsiku limodzi."

Munthu amene wasunga mwana wanga akupempha kachinthu kochepa chotero. Mayi wa chipinda china uja anali pa mpopi, akumva zonse. Ndinati, "Asewere, mukagona m'nyumba yaikulu ndinu m'bale, simulipira kanthu, ngakhale mwezi. Koma mwagona kuseri. Mtengo ndi uwo uli pa chitsekowo."

Anandiyang'ana. "Ngakhale ine?"

"Ngakhale inu."

"Ndinu mayi wouma mtima."

"Ndi zoona."

Anawerenga ndalama zonse nkuziika m'dzanja langa. Ndinawanyamulira katundu mpaka pamsewu, ine ndikudzitukwana m'mtima kuti ndataya mwana chifukwa cha sopo awiri. Lole itafika anaponda tayala kuti akwere, kenaka anatembenuka.

"Phazi la mwana lakula," anatero. "Mugule nsapato saizi faifi, zakuda. Ndibwera naye sukulu zisanatsegulire."

Anabwera naye. Dailesi anabwereza giredi imene anzake anadutsa kale, ndipo chaka chimenecho ndinamudyera ndine, palibe amene adzamubwezere. Amagona m'chipinda changa. Kuseri sapondako, ngakhale kukapereka madzi. ANajere amabwerabe osanena tsiku, ndipo sindiwadandaula, ndikanakhala ine ndikanachita chimodzimodzi.

Yunifomu anandibwezera chaka chatha. Amene mukufuna kuona chosungira katundu chija, bwerani Lolemba masana, ndikuonetsani ndi mmene maloko amakhalira. Mubwere awiriawiri, ndipo musagwire kanthu. Ndakhala pansi.